Mfuti yaitali yodya zipolopolo za pisito: ndigule iti?

Bambo wina wa ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, walemba motere: "Ndakhala kuno zaka 11 ndipo ndili ndi green card. Anzanga akuntchito ananditengera ku range, malo oyeserera kuwombera, ndipo masewera owombera ndinawakonda. Mwezi watha akuba anathyola nyumba yoyandikana nafe usiku. Ndikufuna mfuti imodzi yoti ndizisewera nayo Loweruka komanso yotetezera pakhomo, yoti ngakhale mayi akunyumba azitha kuigwira. Tili ndi ana awiri, wamkulu ali ndi zaka 9. Wogulitsa wandiuza kuti ndigule PCC. Kodi chimenechi n'chiyani, ndipo ndisankhe iti?"

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama, paja safunsa anadya phula. Wogulitsayo sanakusocheretseni. Pa zimene mwafotokozazi, ine ndingakuuzeni kuti gulani PCC (mfuti yaitali yodya zipolopolo za pisito) ya 9mm, ya mpope wa mainchi 16, yosachuluka madoda, ndipo ndalama zotsalazo zipite ku bokosi lachitsulo lokhomeramo mfutiyo, ku maphunziro, ndi ku zipolopolo zoyeserera. Mukanandikakamiza kutchula dzina limodzi, ndikanati Ruger PC Carbine. Zifukwa zake ndizifotokoza, koma tiyambe ndi mapepala, chifukwa pamenepa m'pamene anthu obwera ngati ife timagwera m'dzenje.

Lamulo la dziko lonse la America limalola mwini green card kugula mfuti. Mudzalemba fomu ya 4473 m'sitolomo, ndipo wogulitsa adzafufuza mbiri yanu kudzera mu NICS, imene imayendetsedwa ndi FBI. Yankhani zoona zokhazokha, chifukwa kunama pa fomu imeneyi ndi mlandu waukulu. Munthu amene ali kuno pa viza ya sukulu kapena yongocheza, lamulo lomweli limamuletsa kukhala ndi mfuti, kupatula pa zifukwa zochepa zimene zinatchulidwa m'lamulomo. Choncho mphwanu kapena mlamu wanu wa pa viza akadzati "achimwene, ndigulireniko m'dzina lanu, ndalama ndi iyi", mudzakane ngakhale akwiye. Kuyambira 2022, kugulira mfuti munthu amene lamulo silimulola kungakupatseni zaka zofika 15 m'ndende. Ndipo dziwani ichi, chimene mnzanu wobadwira kuno sachiganizira n'komwe: mwini green card akapezeka wolakwa pa mlandu wokhudza mfuti, akhoza kuthamangitsidwa m'dziko muno. Mnzanuyo akalakwitsa amalipira faindi kapena kukhala m'ndende n'kubwerera kwa ana ake. Inu mukhoza kusiya anawo kuno.

N'chifukwa chake ndikulimbikira za mainchi 16. Lamulo la 1934 lotchedwa National Firearms Act limati mfuti yotsamiritsa paphewa ikakhala ndi mpope wosafika mainchi 16, kapena ikakhala yosafika mainchi 26 yonse yathunthu, ili m'gulu lapadera lofuna kulembetsa kuboma. M'masitolo mudzaona timfuti tatifupi tokongola, togulitsidwa ngati pisito koma tili ndi chotsamiritsa pamkono chotchedwa brace. Malamulo a timfuti timeneti asinthasintha kangapo m'zaka zapitazi, akuluakulu aboma akunena china, makhoti china. Inu musalowe nawo m'matope amenewo. Komanso mukukhala pamalire. Indiana ndi yomasuka pa nkhani za mfuti, koma mukangoyenda mphindi zochepa muli ku Niles kapena ku Berrien Springs ku Michigan, ndipo maola awiri muli ku Chicago. Illinois inakhazikitsa lamulo mu Januwale 2023 loletsa mitundu yambiri ya mfuti zotere pamodzi ndi magazini a mfuti zazitali opitirira zipolopolo 10. Mfuti yololedwa pakhomo panu ikhoza kukhala mlandu mukawoloka nayo malire, ndiye muziyamba mwawerenga lamulo la kumene mukupitako. Za kuiika m'kontena yopita kumudzi, ngakhale kachitsulo kake kamodzi, musaganize n'komwe popanda chilolezo cha boma la kuno ndi cha apolisi akwathu.

Tsopano mfutiyo. PCC ndi chidule cha mawu akuti pistol-caliber carbine, kutanthauza mfuti yogwira ndi manja awiri, yotsamiritsa paphewa, koma yodya zipolopolo za pisito. Nzeru yake ndi yakale. Mfuti ya Winchester ya 1873 inkadya chipolopolo cha .44-40, ndipo patangopita zaka zochepa kampani ya Colt inayamba kupanga volovolo yodya chipolopolo chomwecho, kuti munthu woyenda pahatchi azinyamula mtundu umodzi wa zipolopolo. Lero chipolopolo chimene chatenga malo amenewo ndi 9mm, ndipo PCC zambiri zimalandira magazini omwewo amene amalowa mu pisito.

Ubwino wake waukulu, umene kwa ine ukuposa zonse, ndi wakuti munthu amamenya nayo chimene waloza. Pisito ndi mfuti yovuta kuiphunzira, ngakhale m'mafilimu imaoneka yophweka. Imangogwidwa ndi manja, ili lende m'malere, ndipo timaso take tolozera titalikirana mainchi ochepa chabe. Chala chikangokoka mokhota pang'ono, chipolopolo chapita kwina. PCC imakhudza thupi malo anayi: dzanja lamanja, lamanzere, phewa ndi tsaya. Kunjenjemera kwa dzanja limodzi kumamezedwa ndi malo enawo. Ndaphunzitsapo mayi wina, namwino wa manja ang'onoang'ono, amene ndi pisito ankalephera kumenya mbale yapepala pa mayadi 10. Atatsala pang'ono kugwa mphwayi ndinamupatsa PCC yokhala ndi red dot, kagalasi kolozera koonetsa kadontho kofiira, ndipo tsiku lomwelo anayamba kuliza chitsulo pa mayadi 25 mobwerezabwereza. Maso ake anali omwewo, manja ake omwewo. Mwanena kuti mukufuna kuti mayi akunyumba azitha kuigwira, ndipo mfundo imeneyi ndi imene ikundichititsa kugwirizana ndi wogulitsa uja. Usiku, mtima ukugunda, manja ali thukuta lokhalokha, mfuti imene imakhululukira kunjenjemera ndi yofunika kuposa mfuti yamphamvu imene mwini wake akuiopa.

Pa masewera nayonso ili bwino. Zipolopolo za 9mm ndi zina mwa zotchipa kwambiri mukachotsa za .22, ndipo zimapezeka m'sitolo iliyonse. Ma range ambiri am'nyumba, amene m'nyengo yachisanu ya ku Indiana ndiwo pothawira, amalola PCC pamalo a pisito. Mabungwe a mipikisano monga USPSA, IDPA ndi Steel Challenge ali ndi gawo lakelake la PCC. Yambani ndi Steel Challenge, kumene mumangoima malo amodzi n'kumamenya zitsulo zisanu nthawi ikuwerengedwa. Kulira kwa chitsulo kumakuuzani pompo ngati mwamenya, ndipo anthu akumeneko amakonda kuthandiza wobwera kumene.

Koma pali zinthu ziwiri zimene anthu amanena za PCC zimene sindikufuna kuti muzikhulupirire.

Choyamba, mpope wautali susandutsa chipolopolo cha pisito kukhala cha mfuti yankhondo. Wonga wa mu 9mm ndi wochepa ndipo umapsa msanga. Chipolopolo cholemera magireni 124 chimatuluka mu pisito wamba pa liwiro la mafiti pafupifupi 1,100 pa sekondi, ndipo mu mpope wa mainchi 16 chimangoonjezera mafiti 100 kapena 200. Yerekezani ndi chipolopolo cha 5.56 cha mfuti yaitali ya AR-15, chimene chimathamanga mafiti pafupifupi 3,000 pa sekondi. Ndiye PCC ndi mfuti ya pafupi. Mpaka mayadi 50 imamenya bwinobwino, pa mayadi 100 chipolopolo chayamba kale kugwa, kupitirira apo n'kungosewera. Kwa inu zimenezi si vuto, chifukwa m'nyumba mwanu mulibe mtunda wopitirira mayadi 15, koma ngati mumtima muli maganizo odzapita kukasaka agwape, mfuti yake si imeneyi.

Chachiwiri n'choopsa kwambiri. Ena adzakuuzani kuti 9mm ndi yabwino m'nyumba chifukwa sibowola makoma. Limeneli ndi bodza lopha anthu. Ife tinakulira m'nyumba za njerwa zootcha, ndiye mutu wathu ukamva "khoma" umaganiza chinthu cholimba. Makoma am'kati mwa nyumba za kuno ndi timatabwa tokutidwa ndi drywall, choko chopanikiza chokhuthala theka la inchi, choti mungachibowole ndi chibakera. Chipolopolo cha 9mm, makamaka chamutu wobulungira chimene timayeserera chija, chimadutsa makoma oterewa angapo chili ndi mphamvu zopha. Ndipotu pena chimadutsa makoma ambiri kuposa 5.56, chifukwa 5.56 yopepuka imathamanga kwambiri mwakuti ikagunda chinthu imayamba kugubuduka ndi kusweka, pamene 9mm imangopitirira ili yathunthu. Kuseri kwa khoma limenelo kukugona mwana wanu wa zaka 9. Usiku wa lero, musanagule chilichonse, imani pakhomo la chipinda chanu n'kuyang'ana kumene mungaloze wakuba atalowa. Dzifunseni kuti kuseri kwa malo amenewo kuli ndani. Ngati yankho ndi bedi la mwana, sunthani bedilo kapena sinthani pamene mudzaime.

Palinso chimene chimadabwitsa ambiri akawombera PCC koyamba: imagunda paphewa kuposa mmene ankayembekezera. PCC zambiri zotsika mtengo zimagwira ntchito mwa njira yotchedwa blowback. Mulibe chokhoma chilichonse kumbuyo kwa chipolopolo. Chimene chimatseka ndi kulemera kwa chitsulo chotchedwa bolt pamodzi ndi sipuling'i. Mukawombera, chitsulo cholemeracho chimathamangira m'mbuyo, n'kubwereranso kutsogolo, ndipo mfuti yonse imagwedezeka nacho. Sizipweteka, koma kadontho kolozera kamadumpha. Mfuti zodula zinapeza njira zochepetsera zimenezi: MP5 ya Heckler & Koch imachedwetsa bolt ndi timagudumu tiwiri, SIG MPX imayendetsedwa ndi mpweya wa wonga, ndipo CMMG ili ndi bolt yozungulira pang'ono isanatseguke. Zimawombera mofewa, n'zoona, koma mtengo wake mukhoza kugulira Ruger ziwiri kapena zitatu. Kwa munthu woyamba kumene, kusiyanako sikukwana ndalamazo.

Ruger PC Carbine inatuluka kumapeto kwa 2017. Imalemera makilogalamu atatu ndi pang'ono, ndipo kulemerako, ngakhale ena amakudandaula, n'kumene kumaikhazika pansi powombera. Mu bolt yake anaikamo chitsulo cha tungsten chimene chimafupikitsa ulendo wa bolt ndi kuchepetsa kudumpha kwake. Imagawika pawiri m'masekondi ochepa, zimene zimathandiza poisunga ndi poitsuka. Imabwera yokonzeka kulandira magazini a Ruger, koma m'bokosi momwemo muli kachipangizo kosinthira kuti izilandira magazini a Glock, amene amapezeka paliponse. Chokokera bolt ndi chotulutsira magazini mukhoza kuzisamutsira mbali imene mukufuna, ngati wina pakhomopo ndi wamanzere. Ndipo tsinde lake limafupikitsidwa pochotsa timapulasitiki takumbuyo, mwakuti likhoza kukwanira mkono wa mayi akunyumba. Anthu ambiri saganizira zimenezi. Mfuti yotalika tsinde imachititsa munthu wamfupi kupendekera chagada, ndipo akatero mfuti imamukankha, iye n'kuida.

Ena amakopeka ndi Kel-Tec SUB-2000, yopangidwa ku Florida, chifukwa imapindika pakati n'kulowa m'chikwama cha laputopu, ndipo imalemera makilogalamu awiri okha. Ndi yochenjera kapangidwe, koma sindiipereka kwa banja ngati mfuti yoyamba. Sipuling'i yake ndi yolimba kukoka, tsaya limatsamira pa chubu chimene bolt imathamangamo, ndipo kupepuka kwakeko kumachititsa kuti igunde kwambiri. Ngati kupindikako mukukufunadi, onani Smith & Wesson M&P FPC ya 2023, imene imapindikira cham'mbali, red dot ili pomwepo osachotsa. CZ Scorpion ya ku Czech Republic ndi yolimba ndipo ili ndi okonda ake ambiri, kungoti imafuna magazini akeake. Za mtundu wa AR-9, zopangidwa ngati AR-15 koma zodya 9mm, zilipo zamakampani ambirimbiri, zina zabwino kwambiri, zina zokanika kumeza zipolopolo zamutu wakamwa, ndiye zimafuna munthu wodziwa kale kusankha. Ndipo ngati thumba lili lopyapyala, musachite manyazi ndi Hi-Point 995 ya ku Ohio. Anthu amainyoza maonekedwe, magazini ake amalowa zipolopolo 10 zokha, koma imalira mukaikoka, ndipo mtengo wake ndi pafupifupi theka la Ruger.

Ndingalakwe kusatchula mfuti zokokera ndi chogwirira chapansi, za .357 Magnum, monga Marlin 1894, Henry Big Boy ndi Rossi R92, chifukwa ine ndimazikonda kwabasi. Apa mpope wautali umagwiradi ntchito: wonga wa .357 ndi wambiri ndipo umapsa pang'onopang'ono, mwakuti chipolopolo cha magireni 158 chimene mu volovolo chimathamanga mafiti pafupifupi 1,200 pa sekondi chimafika 1,700 kapena kuposerapo. Zimadyanso .38 Special, yofewa ngati kusewera. Koma chipolopolo chilichonse chimafuna kuti dzanja likoke chogwiriracho mpaka kumapeto, ndipo munthu wamantha amakoka mosafikitsa, mfuti n'kutsamwa. Kwa banja longoyamba kumene, 9mm yodzilowetsera yokha zipolopolo ndi yosavuta.

Mukagula, onjezerani zinthu ziwiri zokha. Choyamba ndi red dot ya kampani yodziwika, yoichunira pa mayadi 25. Kumbukirani kuti kadonthoko kamakhala pamwamba pa mpope, ndiye pafupi kwambiri, ngati mayadi atatu kapena asanu, chipolopolo chimagwera mmunsi mwa pamene mwaloza ndi inchi imodzi kapena awiri. Kayeseni nokha papepala kuti maso anu aone. Chachiwiri ndi tochi yomangirira pamfuti, ndipo imeneyi si yokambirana. Kwathu kuno nyumba zathu sizisowa alendo: mphwake wa mayi wabwera mochedwa kuchokera ku shifiti yausiku, mwana wadzuka kukamwa madzi. Simuwombera chithunzithunzi chimene simunachione nkhope. Khalaninso ndi tochi ina yam'manja, kuti musamaloze mfuti pa aliyense amene mukufuna kungomuunika.

Zipolopolo zikhale zamitundu iwiri. Zoyeserera ndi zamutu wobulungira zotchipa zija. Zotetezera pakhomo zikhale zamutu wakamwa, zimene zimatambasuka zikalowa m'thupi n'kuima msanga, monga Federal HST, Speer Gold Dot kapena Hornady Critical Duty. Muyezo umene FBI imagwiritsa ntchito ndi wakuti chipolopolo chilowe mainchi 12 mpaka 18 mu phala loyesera, ndipo mitundu imeneyi inapangidwa motsata muyezo umenewo. Poti inapangidwira liwiro la pisito, mu mpope wautali ndimakonda zolemera, za magireni 147, chifukwa sizionjezera liwiro kwambiri ndiye zimachita monga anazikonzera. Gulani mabokosi angapo a mtundu umene mwasankhawo, muwawombere ndi magazini onse amene muli nawo. Ikatsamwa ngakhale kamodzi, pezani chifukwa chake musanaidalire. Ndipo nthawi zonse valani zotseka m'makutu ndi magalasi. PCC siphokosera ngati AR-15, komabe imapitirira ma decibel 140, pamene kulira kumodzi kokha kungawononge khutu mpaka kalekale. Mukachoka ku range sambani m'manja ndi sopo musanagwire ana kapena chakudya, chifukwa utsi wa zipolopolo umasiya mtovu pakhungu ndi pazovala.

Tsopano ndifike pamene mtima wanga uli. Walira mvula walira matope, bambo. Mfuti ikalowa m'nyumba, ngozi yaikulu kwa banja lanu si wakuba uja ayi. Malinga ndi CDC, bungwe la boma loona zaumoyo, mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti m'dziko muno, ndipo oposa theka anadzipha okha. Mu 2020, mfuti ndiyo inakhala yotsogola pa zinthu zopha ana ndi achinyamata a zaka 1 mpaka 19. Mwana wa zaka 9 amadziwa zonse zili pamwamba pa wadiropu, kuseri kwa masutikesi ndi pansi pa matiresi. Kumuuza kuti "usagwire" n'kofunika, koma sikokwanira, ndipo anzake obwera kudzacheza simunawauze kanthu. Gulani bokosi lachitsulo lotsegula ndi manambala, lomangirira kukhoma, mfuti isanafike pakhomo. Alipo otseguka m'masekondi awiri kapena atatu. Ku Michigan, kuyambira Febuluwale 2024, lamulo limakakamiza kukhomera mfuti ngati ili pamalo pamene mwana angafike. Inu chitani zimenezo ngakhale popanda wokukakamizani. Ndipo moyo wakunja kuno umalemera, tonse tikudziwa: mashifiti awiri, ngongole, maliro akumudzi amene sunathe kupitako. Ngati tsiku lina inu kapena wina pakhomopo adzakhala mu mdima wamaganizo, kapena m'banja mukadzabuka mikangano yoopsa, mfutiyo ichoke m'nyumba kufikira zitadutsa, ndipo muimbe 988, nambala yothandiza anthu amene ali pa mavuto amaganizo.

Tsiku lina wophunzira wanga anabwera ndi mfuti yake m'chikwama, n'kundiuza molimba mtima kuti mulibe kanthu, magazini ali m'thumba. Nditakoka bolt, chipolopolo chinagwa pa tebulo. Anali atayenda nayo m'galimoto, mwana wake atakhala kumbuyo. Kuchotsa magazini sikuchotsa chipolopolo chimene chalowa kale mu mpope. Mfuti iliyonse muziitenga ngati yodzaza, musailoze pa chimene simukufuna kuwononga, chala chikhale kutali ndi chokhethemulira mpaka mutatsimikiza kuwombera, ndipo dziwani chimene mwaloza ndi chimene chili kuseri kwake.

Za usiku umene mukuuopawo, konzekani chonchi. Limbitsani zitseko ndi zomangira zazitali, ikani magetsi oyaka okha panja. Mukamva kuti munthu walowa, musapite kukamusaka chipinda ndi chipinda. Ntchito imeneyo ngakhale apolisi amaichita ali gulu. Sonkhanitsani ana m'chipinda chimodzi, khomani, mayi aimbe 911, inu mukhale pamalo amene munasankha kale aja, n'kufuula kuti muli ndi mfuti ndipo apolisi akubwera. Lamulo la Indiana silikukakamizani kuthawa m'nyumba mwanu, koma silikulolani kuwombera munthu amene akuthawa mumsewu ndi TV yanu. Apolisi akafika, mfuti ikhale pansi, manja anu poyera, ndipo mayi akhale atauza kale wa pa 911 mmene mwavalira. Ndinu bambo wakuda m'nyumba imene mwaimbidwa lamya yoti muli munthu wa mfuti, ndipo wapolisi wolowayo sakudziwa kuti mwini nyumba ndi uti.

Loweruka likubwerali musagule kanthu. Pezani woti atsale ndi ana, mutengane ndi mayi kupita ku range imene imabwereketsa mfuti, mulipire mphunzitsi ola limodzi, ndipo mubwereke Ruger ija ndi ina imodzi kapena ziwiri. Mayi ayambe ndiwo kuwombera. Onani ngati akutha kukoka bolt okha, kulowetsa magazini okha, ndi kuinyamula paphewa kwa mphindi yathunthu osatopa. Imene iwo aikwanitse ndi imene mugule, chifukwa imeneyo inunso muikwanitsa. Akanena kuti mfuti m'nyumba mwawo sakuifuna, amvereni, musunge yanuyo yokhoma ngati ya masewera basi, ndipo chitetezo cha pakhomo muchimange pa zitseko, magetsi ndi alamu.